Kusamala kapinga ndi dimba la pakhomo mvula ikatha: zolemba za ku Dedza, Malichi mpaka Julayi 2024

16 Malichi: Kuyeza malo ndi kugula zida

Nyumba yathu ili pamalo otsetsereka pang'ono m'munsi mwa phiri la Dedza, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuona vuto limodzimodzi. Kapinga wa pabwalo amabiriwira bwino m'dzinja, koma pofika Ogasiti pamatsala fumbi limene mphepo imalowetsa m'nyumba, pomwe masamba a ndiwo timachita kugula kumsika ngakhale kuti kuseri kwa nyumba kuli malo okwanira dimba. Chaka chino ndaganiza zoyamba ntchito m'nyengo ya masika, nthaka ikadali ndi chinyezi, ndipo ndizilemba zonse, zoyenda bwino ndi zolakwika zomwe, kuti wina wokhala kumalo okwera ndi ozizira ngati kuno aphunzirepo.

Bwalo la kapinga ndi lotalika mamita 12 ndi mamita 9 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 108. Pali zigamba zitatu zimene udzu unatheratu: pamene ana amasewerera mpira, pansi pa chingwe choyanika zovala, ndiponso pamene madzi a padenga amagwera. Udzu wosafunika umene wachuluka ndi dawe, chisoso ndi khovani. Kuseri ndayeza mabedi asanu ndi limodzi, lililonse mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali, opingasa kutsetsereka kwa malo kuti madzi asamathamange.

Ndagula chikwakwa pa K6,500, tupa yonolera pa K3,000 ndi kheni ya malita 10 pa K12,000. Mitengo ya zida yakwera kwambiri chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu Novembala chaka chatha, choncho foloko, reki ndi wilibala ndabwereka kwa anzanga oyandikana nawo.

23 Malichi: Kutchetcha, ndi kulakwitsa koyamba

Ndinalemba mnyamata wa ganyu kwa masiku awiri pa K8,000, ndipo ndinamuuza ndekha kuti atchetche mpaka pansi, poganiza kuti akatero sitidzavutikanso mpaka mvula ina. Anachita monga ndinamuuzira. Patangopita masiku anayi bwalo lonse linasanduka lachikasu, nthaka inayamba kuonekera, ndipo masana inkatentha mwakuti munthu wopanda nsapato sakanaimapo nthawi yaitali.

Mlamu wanga amene amalima mbatatesi ku Bembeke atabwera kudzationa anaima pakhonde n'kunena kuti, "Alamu, kapinga mwamumeta mpala nthawi yolakwika. Mu Disembala mukanatero bwenzi ataphuka sabata yomweyo, koma pano mvula ikutsanzika, ndiye mizu iphimbidwa ndi chiyani?" Anandionetsa ndi dzanja lake kuti kuyambira Malichi udzu uzisiyidwa wotalika ngati zala zitatu zogundana, pafupifupi masentimita 5 kapena 6, chifukwa masamba akewo ndiwo mthunzi wa nthaka komanso ndiwo amapangira chakudya mizu isanagone m'nyengo yachisanu. Ndikuvomereza kuti ananena zoona, ndipo kulakwitsa kumeneku kwandibwezera m'mbuyo masabata osachepera atatu a chinyezi amene sindingawapezenso.

Za dawe ndiyenera kunena mwapadera. Mnyamatayo ankangomuzula ndi manja, koma dawe ali ndi timbatata ting'onoting'ono pansi tolumikizana ndi timizu, ndipo ukazula masamba okha amaphukanso posachedwa. Tinabwereza ntchito yonse ndi kakhasu, kukumba chigamba chilichonse mpaka kuya kwa chikhatho, ndipo timbatatato tinatiyanika pa lata lakale kuti tiume, osatiponya pa mulu wa manyowa. Chisoso chinazulika mosavuta, ndipo chanthete tinaphika.

30 Malichi: Kubzala m'zigamba

Sabata yatha Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba imene yadza ndi El Niño. Nkhaniyi yandikumbutsa kuti zitsime zikhoza kuphwa msanga chaka chino, kotero ntchito iliyonse yofuna chinyezi ndiyenera kuimaliza tsopano.

Nthaka ya m'zigamba zitatu zija inali yogogomezeka ngati njerwa. Ndinaiboola ndi foloko, kuponda mpaka mano ake alowe masentimita 10, kugwedeza pang'ono n'kuzula, kenaka kusuntha phazi limodzi. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa kuposa mmene imaonekera, ndipo inanditengera m'mawa wonse. Ndinagula ngolo imodzi ya ndowe zakale za ng'ombe pa K15,000 ndi mawilibala anayi a mchenga wa kumtsinje pa K4,000. Gawo lina la ndowezo ndinalisefa pa waya wa nkhuku, kusakaniza ndi mchenga muyezo wofanana, n'kumwaza pa bwalo lonse mopyapyala kuti nsonga za udzu zizionekabe, ndipo ndinakokera ndi reki kuti zilowe m'mabowo.

Mbewu ya kapinga sindinagule. Ndinadula ziyangoyango zimene zinatulukira m'mbali mwa njira, chilichonse chokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi, n'kuzikwirira m'timizere totalikirana masentimita 15, nsonga yokha ili kunja. Pamene madzi a padenga amagwera sindinabzalepo konse, chifukwa ndazindikira kuti udzu sungapirire madzi ogwa kuchokera pamalata. Ndayalapo miyala yaing'ono imene ana anatola kuseri kwa mpanda. Ana ndawapempha kuti mpira azikasewerera kubwalo la sukulu mpaka mvula itabweranso.

6 Epulo: Manyowa a mitundu iwiri

Mulu wa kompositi ndaunjika pansi pa mtengo wa pichesi kuti ukhale pamthunzi: pansi mapesi a chimanga odulidwa, pamwamba pake makoko a nyemba ndi udzu umene tinatchetcha, kenaka masamba aawisi a deliya amene amamera okha m'mbali mwa msewu, ndowe zotsala zija, ndi dothi pang'ono, mobwerezabwereza mpaka mulu unafika m'chiuno. Pakati ndazikapo ndodo yoyezera kutentha.

Popeza kompositi amatenga miyezi iwiri kapena itatu, ndapanganso manyowa a Mbeya monga alangizi a zaulimi anatiphunzitsira: makilogalamu 20 a gaga, makilogalamu 20 a zitosi zouma za nkhuku zathu ndi ndowe za mbuzi, makilogalamu 10 a phulusa losefa, makilogalamu 10 a feteleza, ndi madzi malita 5. Zonsezi zimasakanizidwa mpaka ukafinya m'dzanja zigwirane popanda kudontha madzi, ndipo zimaikidwa m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga zolimba, n'kudikira masiku 21. Gaga ndinagula pa K6,000, pulasitiki pa K1,500, feteleza woyeza pa sikelo pa K17,000.

13 Epulo: Yureya wawotcha udzu

Apa ndalakwitsa kachiwiri, ndipo chinandilakwitsa ndi changu. Poona kuti udzu ukuchedwa kubiriwira nditaumeta muja, ndinatenga yureya amene anatsala kumunda, pafupifupi makilogalamu 5, n'kumwaza ndi dzanja m'mawa mame asanaume, ndipo sindinathirire chifukwa kumwamba kunali mitambo. Mvula sinagwe. Pofika tsiku lachitatu pabwalo panaoneka mizere yofiirira yooneka ngati uta, yotsatira ndendende mmene dzanja langa linkayendera, ndipo pomwe ndinaima kuti nditape m'chidebe panapsa chigamba chozungulira ngati lichero.

Yureya ali ndi magawo 46 a nayitrojeni pa 100 aliwonse, ndipo timibulu take tikamatirira pa tsamba lonyowa timasungunukira pomwepo n'kuliwotcha. Pa bwalo la masikweya mita 108 kilogalamu imodzi ikanakwana, yomwazidwa udzu utauma ndi kuthiriridwa nthawi yomweyo. Ndathira makheni 30 pa malo opsawo kwa masiku awiri kuti mchere wake utsike pansi. Maganizo anga tsopano ndi akuti feteleza wotere alibe ntchito pa kapinga mvula ikamatha, chifukwa ngakhale akanapanda kuwotcha, akanatulutsa masamba anthete amene chisanu cha Juni chikanawawononga.

Ndodo ya m'kompositi ndaizula lero ili yozizira ndiponso youma. Mapesi anachuluka ndipo madzi ndinathira ochepa. Ndaphwasula mulu wonse, kuwonjezera deliya wambiri, ndi kuthira kheni imodzi pa gawo lililonse pounjikanso. Patapita masiku anayi ndodo inatuluka yofunda ndi yonyowa, ndipo m'mawa mulu unkatulutsa nthunzi.

20 Epulo mpaka 4 Meyi: Nazale

Ndinafesa mpiru, repu, kabichi ndi anyezi pa nazale, ndipo nsawawa ndi karoti ndinabzala m'mabedi mwachindunji chifukwa sizifuna kuwokera. Mbewu zonse zinakwana K9,000. Anyezi ndachedwa naye, chifukwa alimi ambiri kuno amafesa pakati pa Febuluwale ndi Epulo.

Mbande za kabichi ndi repu zinamera bwino, koma pa sabata yachiwiri zinayamba kugwa m'magulumagulu. Nditazula kamodzi ndinaona kuti tsinde lake, pomwe limakhudza nthaka, lawonda ngati ulusi ndipo lada. Zifukwa zake zinali zitatu ndipo zonse zinali zanga: ndinafesa mothithikana, ndinasiya udzu wophimbira mbewu zitamera kale, ndipo ndinkathirira madzulo kotero kuti nazale inkagona yonyowa usiku wonse wozizira. Ndinagulanso mbewu za K2,500 n'kufesa pamalo ena, m'timizere totalikirana masentimita 10. Udzu ndinaukweza pa kathandala kotalika mpaka m'bondo mbewu zitangomera, ndipo ndinkathirira m'mawa mokha. Ulendo uno sizinafe.

Ndowe zimene ndinamwaza pabwalo zabweretsa bonongwe wambiri pakati pa kapinga. Tikumuzula akadali wamng'ono ndipo akuthera mumphika.

14 Meyi: Kuwokera, mbuzi ndi mpanda

Popeza lero ndi tchuthi cha Kamuzu Day, banja lonse linathandiza kuwokera mpiru, umene sunakhudzidwe ndi kuwola kuja. Tinaika dzanja limodzi la manyowa a Mbeya pa phando lililonse, kusakaniza bwino ndi dothi kuti asakhudze mizu, ndipo mapando anatalikirana masentimita 30. Tinawokera dzuwa litapendeka. Repu ndi kabichi wa nazale yachiwiri adikira mpaka kumapeto kwa mwezi. Ndagulanso mbande 20 za tomato pa K2,000 kwa mayi wina wa kumsika, ngakhale kuti mayi a kunyumba kuno anandichenjeza kuti tomato wa Meyi ku Dedza ndi wotchova njuga.

M'mawa wotsatira ndinapeza mbande zisanu ndi ziwiri zitadulidwa m'tsinde ngati ndi lumo. Nditafukula ndi chala pafupi ndi tsinde lililonse, ndinapeza mbozi yotuwa itadzipinda pansi pa dothi. Ndazitola ndi manja m'mawa uliwonse kwa sabata imodzi n'kupatsa nkhuku, ndipo mbande zotsala ndazivekera timakolala ta mabotolo apulasitiki odulidwa, tolowa pansi masentimita atatu.

Vuto lalikulu linadza pa 18 Meyi. Anthu akangomaliza kukolola amatayirira ziweto, ndipo ine ndinadalira mpanda wakale umene unali ndi mipata. Mbuzi zinalowa masana tili kuntchito n'kudya bedi lonse la nsawawa ndi theka la mpiru. Sindinakangane ndi eni ake, chifukwa m'chilimwe aliyense amadziwa kuti wolima dimba ndiye amamanga mpanda. Ndagula mitolo 25 ya udzu pa K500 umodzi, nsungwi ndi mitengo pa K10,000, chingwe chomangira pa K2,000, ndipo womanga ndamulipira K10,000. Zonse pamodzi ndi K34,500, ndalama yaikulu kuposa ina iliyonse pa ntchitoyi, imene ndinayenera kuiwononga ndisanafese n'komwe. Nsawawa ndabzalanso ndi mbewu yotsala.

1 Juni: Kuwerengera madzi

Mvula inasiyiratu, ndipo kwa masabata awiri ndakhala ndikuyesa kuthirira zonse, bwalo ndi dimba. Usiku wina ndinakhala pansi ndi cholembera. Kuti madzi akwane milimita imodzi pa sikweya mita imodzi pamafunika lita imodzi. Kapinga kuti akhalebe wobiriwira m'chilimwe amafuna pafupifupi mamilimita 25 pa sabata, ndipo pa bwalo langa amenewo ndi malita 2,700, kapena kuti makheni 270 sabata iliyonse. Mabedi onse asanu ndi limodzi ndi masikweya mita 30, ndipo pa malita 5 pa sikweya mita amafuna makheni 15 pa tsiku, amene ndi makheni 105 pa sabata. Udzu umene sitidya ukufuna madzi ochuluka kuposa kawiri ndi theka poyerekeza ndi ndiwo.

Nditawaonetsa mayi a kunyumba kuno, anangoti, "Bambo, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani chimodzi." Ndasankha dimba. Kapinga ndi udzu umene umagona kukauma ndi kukazizira, masamba amafota koma mitsitsi yake yapansi imakhala yamoyo, ndipo umadzuka mvula yoyamba ikagwa. Chimene ndiyenera kuteteza ndi mitsitsiyo. Choncho kutchetcha ndasiya, ndipo madzi otsukira zovala, aja omaliza opanda thovu lambiri, ndiwo azipita pa zigamba ziwiri zobzalidwa kumene, chifukwa mizu yake sinazame. Ndagula mgolo wakale wa malita 200 pa K25,000 wosungiramo madzi a dimba. Mabedi ndawaphimba ndi udzu wouma ndi makoko a nyemba, ndipo kuyambira pamenepo makheni 10 pa tsiku akukwanira.

15 Juni: Chiswe ndi nsabwe

Kuphimbira kwabweretsa chiswe. Pa bedi la m'mphepete mwa mpanda ndinapeza udzu wophimbira utamatidwa ndi dothi pansi pake, ndipo chiswe chinali chitayamba kukwera pa zikhomo za tomato. Poyamba ndinafuna kuchotsa zophimbira zonse, koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti chikudya zouma zokha ndipo mpiru wamoyo sichinaukhudze. Ndangosuntha udzu kuti utalikire tsinde lililonse ndi zala zinayi, kuthira phulusa mozungulira zikhomo, ndi kusiya zotsalazo.

Pabwalo nkhani ndi ina. Pamalo aja anapsa ndi yureya panali udzu wakufa wambiri, ndipo chiswe chayambira pomwepo n'kusiya nthaka yoyera. Ndapala ndi reki udzu wonse wakufa, kuphwanya timisewu take tadothi, n'kutsegulira nkhuku m'mawa uliwonse kwa ola limodzi. Zigamba sizinakulenso, koma zimene zinadyedwa zidikira kubzalidwanso mu Disembala.

Pa repu pabwera nsabwe zotuwa zimene zimaunjikana kunsi kwa masamba ndi kuwapinda. Ndasinja tsabola wowawa wodzaza dzanja, kumuviika usiku wonse m'malita 5 a madzi, kusefa, kusungunuliramo kachidutswa ka sopo wochapira wa K1,000, n'kuwaza madzulo kunsi kwa masamba. Pamafunika kubwereza pakapita masiku anayi kapena asanu. Kuwaza kamodzi sikunathandize kwenikweni, koma nditawaza kachitatu masamba atsopano anatuluka oyera.

29 Juni: Chisanu

Tawuni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo aliyense wokhala kuno amadziwa kuzizira kwa Juni ndi Julayi. Usiku wa Lachinayi kumwamba kunayera, nyenyezi zinaoneka zonse, ndipo mphepo inaleka. M'mawa ndinapeza udzu wophimbira pa bedi lakumunsi utayera ngati wathiridwa ufa, ndipo nditaugwira unali wolimba. Dzuwa litakwera, masamba a tomato anafota n'kuda ngati athiridwa madzi owira. Mwa mitengo 20, yotsala ndi isanu ndi umodzi.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti bedi lakumtunda, pamtunda wa mamita asanu ndi atatu okha, silinakhudzidwe konse. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo usiku wopanda mphepo umatsetsereka ngati madzi n'kukaunjikana pamalo otsika. Mpanda wanga watsopano wa udzu, umene ndinaumanga wothithikana mpaka pansi, unautsekera njira, ndipo unadikha pakona pomwe ndinaika tomato. Ndatsegula mpata wa chikhatho chimodzi m'munsi mwa mpanda kumbali yakumunsi n'kutchingapo ndi waya wa nkhuku uja ndinasefera manyowa, kuti mpweya uzidutsa koma ziweto zisalowe. Tomato wotsalayo ndikumufunditsa matumba akale madzulo aliwonse kumwamba kukayera, n'kuvundukula dzuwa likatuluka.

Kabichi, repu, mpiru, nsawawa ndi karoti sizinasonyeze vuto lililonse, ndipo ndizo mbewu zoyenera nyengo ino kuno. Chaka chamawa tomato ndidzafesa kumapeto kwa Julayi kuti adzawokeredwe kukayamba kufunda, ndipo adzakhala pa bedi lakumtunda.

13 Julayi: Mapichesi, kompositi ndi mfuko

Mitengo iwiri ya mapichesi yayoyola masamba, choncho ndaithenera: nthambi zouma, zopingasana ndi zoloza mkati ndachotsa, kuti pakati pa mtengo pazilowa dzuwa. Pichesi amabereka pa nthambi zimene zinaphuka chaka chathachi, kotero zimenezo ndangozipatulira osazimaliza. Kompositi wapsa, wada ndipo akununkhira ngati dothi la m'nkhalango. Ndinamutembenuza katatu chiyambireni. Mawilibala awiri ndathira mozungulira mapichesi, osagunda tsinde, ndipo ena asanu ndaphimba ndi matumba kuti adzapite pa kapinga mvula ikayandikira.

Mfuko walowa pa bedi la karoti kuchokera kumbali ya mpanda, ndipo milu yake ya dothi yafika kale pakona ya bwalo. Agogo ena oyandikana nafe anabwera ndi msampha wawo wa nsungwi, anafukula una n'kuutchera, ndipo anandiuza kuti, "Mwanawe, una ukautsegula usautseke, mwini wake amabwera yekha kudzatseka mphepo." Anagwidwa tsiku lachiwiri. Anandilangizanso kubzala ombwe m'mbali mwa mpanda mvula ikagwa, ponena kuti mfuko sakonda mizu yake, ndipo mbewu yake andilonjeza.

27 Julayi: Kulambula ndi kuwerengera ndalama

Anyamata osaka mbewa ayamba kutentha tchire chakumunsi kwathu, ndipo mpanda wa udzu wouma sungapirire ngakhale kamoto kakang'ono. Ndalipira K5,000 kuti alambule mamita atatu kuzungulira mpanda wonse mpaka nthaka iyere. Wina anandilangiza kuti nditenthe kapinga wouma kuti adzaphuke bwino, koma ndakana, chifukwa udzu woumawo ndiwo ukuphimba mitsitsi ku dzuwa la Seputembala ndi Okutobala.

Ndalama zonse zimene ndawononga kuyambira pa 16 Malichi ndi K152,000, osawerengera madzi ndi thukuta la pabanja. Mwa zimenezi, kheni, chikwakwa, tupa ndi mgolo zidzagwirabe ntchito zaka zikubwerazi, ndipo mpanda ukhoza kufika chaka chamawa chiswe chikapanda kudya mitengo yake. Kuyambira pakati pa Juni sitinagule masamba kumsika, nsawawa zayamba kuchita maluwa, kabichi akukulunga mitu, koma anyezi akadali woonda chifukwa chochedwa kufesa kuja.

Bwalo ndi lotuwa lonse kupatula zigamba ziwiri zothiriridwa ndi madzi ochapira, zimene ziyangoyango zake zagwirana mpaka nthaka sikuonekanso. Lero m'mawa ndinakumba ndi mpeni pakati pa malo otuwa kwambiri, pafupi ndi pamene panapsa ndi yureya, n'kutulutsa mtsitsi umodzi. Nditauthyola unali woyera mkati ndi wonyowa. Ndaukwiriranso pomwepo, ndipo ntchito yotsatira pabwalo ndi kumwaza mawilibala asanu a kompositi aja kumayambiriro kwa Novembala.